Chidulo si cha kuphanga: tikambe za buku la Caveman Chemistry

 Lero tili ndi buku loti tilisende limodzi, tione pomwe lagwira mfundo ndi pomwe laterereka. Dzina lake ndi Caveman Chemistry, ngati kunena kuti chemistry ya munthu wa kuphanga. Analilemba ndi Kevin Dunn, mphunzitsi wa pa koleji ya Hampden-Sydney ku Virginia, m'dziko la America, ndipo linatuluka m'chaka cha 2003.

Bukuli lili ndi ntchito 28 zoti wowerenga achite ndi manja ake. Limayambira pa kupeka moto, kenako kufulula mowa wa uchi, kuumba ziwiya zadothi, kutcheza madzi a phulusa, kuwotcha laimu, kupanga pepala, sopo, batire, mpaka kukafika pa pulasitiki. Ntchitozi zinandandalikidwa motsatira mbiri, monga momwe anthu ankazitulukira. Ganizo la mlembi n'lakuti uyambe wagwira chinthucho, chikununkhire, chikukanike kawiri katatu, kenako ubwere ku dzina lake ndi masamu ake.

Pamenepa ndimugwira chanza. Ambiri mwa ife tinaphunzira sayansi m'masukulu opanda labu. Aphunzitsi ankalemba zilembo ndi manambala pa bolodi, ife n'kukopera, n'kuloweza, mayeso akatha mutu n'kubwerera mwakale. Chonsecho nzeruzi sizinabwere padziko mwanjira imeneyo. Anthu anapanga sopo kwa zaka mazanamazana asanadziwe chomwe chimachitika mafuta akakumana ndi madzi a phulusa. Amene anafotokoza bwino nkhaniyi ndi Michel Chevreul wa ku France, m'buku lake la mu 1823. William Perkin naye anali mnyamata wa zaka 18 pomwe, mu 1856, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, m'kalabu ka kunyumba kwawo ku London. Kwinini sanatuluke. Chinatuluka ndi utoto wa pepo womwe unatsegula njira ya mafakitale a utoto. Manja ndiwo ankatsogola, mafotokozedwe ankabwera pambuyo. Buku lophunzitsa motsata njira imeneyi likunena zoona za momwe munthu amadziwira zinthu.

Vuto langa loyamba lili pa dzina ndi pa makwerero omwe bukuli limamanga. Pansi pali munthu wa kuphanga, pamwamba pali mafakitale akuluakulu a ku Ulaya ndi America, monga Bayer ndi DuPont. Ukamakwera, zapansizo umazisiya ngati zakale zomwe dziko linadutsa. Kwa wophunzira wa ku Virginia amene sanaonepo moto wa nkhuni ukuphika chakudya cha tsiku ndi tsiku, dzinali ndi nthabwala yokopa basi, ndipo sindikuganiza kuti mlembi ankafuna kunyoza munthu. Koma inu ndi ine tikafika pa mutu wa phulusa, timazindikira khitchini ya kwathu. Madzi a phulusa aja ndi chidulo.

Taganizani momwe amayi amachitira. Amawotcha mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza kapena a nthochi. Phulusalo amaliika m'chiwiya choboola pansi, n'kuthira madzi, n'kudikira kuti adonthe. Madzi odonthawo asungunula potassium carbonate wa m'phulusa, ndipo ndi alkali, kutanthauza chinthu chotsutsana ndi asidi. Alkali amafewetsa masamba msanga ndi kusunga kubiriwira kwake, n'chifukwa chake thelere la chidulo limatuluka momwe mukulidziwira lija. Ku Ulaya phulusa lomweli linkagwira ntchito popanga sopo ndi magalasi, kufikira Nicolas Leblanc atapeza njira yopangira soda kuchokera ku mchere mu 1791, ndipo Ernest Solvay wa ku Belgium anabweretsa njira yoposa imeneyo m'zaka za m'ma 1860. Tsono kapaketi ka soda komwe timagula kugolosale chidulo chikasowa ndi mdzukulu wa ntchito ya Solvay. Mu mphika umodzi wa thelere, mitu iwiri ya bukuli yotalikirana imakumana, ndipo palibe wa kuphanga pamenepo. Onse awiri ndi a lero.

N'chimodzimodzinso thobwa. Mayi wodziwa sathira chimera m'phala lobwadamuka, amadikira lizizireko kaye. Chifukwa chake n'chakuti m'mbewu zomeretsa muli enzyme yotchedwa amylase, yomwe imaduladula sitachi n'kukhala shuga. Imagwira bwino ntchito pa madigiri a pakati pa 60 ndi 70, koma kutentha kukapitirira imafa. Phala lolimba lija likayamba kusungunuka ndi kutsekemera, mukuona ndi maso zomwe ena amangowerenga. Pitani kunyanja, ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota, komwe amaviika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo asanapange ufa wa kondowole. Kuviikako kumachotsa poizoni wa cyanide. Anthu akudya n'kukhala moyo chifukwa cha nzeru imeneyi chaka chino chomwe.

Komabe, anzanga, tisathamangire kuomba m'manja n'kumati agogo ankadziwa chemistry yonse, azungu anangoba. Mawu oterewa amakoma pa Facebook, koma amatinamiza. Agogo ankadziwa kachitidwe, ndipo ankakadziwa mozama. Chomwe analibe ndi njira yoyezera zinthu zosaoneka. Chidulo chomwe chimafewetsa ndiwo chimawononganso mavitamini ena, monga vitamini C ndi thiamine, ndipo lilime silingakuuzeni zimenezo. Wotcheza kachasu amadalira fungo ndi kulawa, pomwe methanol, yemwe amachititsa khungu ngakhale kupha, amawira pa madigiri 65, pafupi kwambiri ndi ethanol amene amawira pa 78, ndipo onse awiri amaoneka ngati madzi. Makala omwe makolo athu ankasungunulira chitsulo mu ng'anjo amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mu ng'anjo mpweyawu ndi wothandiza, chifukwa ndi womwe umalanda oxygen ku mwala kuti chitsulo chitsale. Koma m'chipinda chotseka, mbaula ili mkati usiku wa chisanu cha ku Joni, mpweya womwewo umapha anthu ali m'tulo, poti ulibe fungo kapena mtundu.

Apa ndi pomwe bukuli lili ndi mphatso yeniyeni kwa ife. Kupeka moto kapena kutcheza phulusa sitikusowa wotiphunzitsa kuchokera ku Virginia. Chomwe tingatengeko ndi sikelo ndi kope: yeza usanayambe, yeza ukamaliza, lemba zomwe waona ngakhale zitakukanika, kenako funsa chifukwa chake. Luso la amayi likakumana ndi mwambo woyeza ndi kulemba, pamenepo ndiye chemistry yayamba.

Vuto langa lachiwiri lili pa mawu oti kunyumba. Ntchito zambiri zamtunduwu zimafuna bwalo, garaja, kapena malo oti ukoleze moto waukulu popanda wodandaula. Kuti mwala wa laimu usanduke laimu pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 900. Nanga ife timakhala kuti? Ambiri tili m'chipinda chimodzi cha lendi, khitchini yogawana ndi anthu asanu, alamu ya utsi ili pamwamba, eni nyumba ali tcheru. Ndiye palinso malamulo. Ku Britain n'koletsedwa kugulitsa caustic soda wamphamvu kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo kusunga sulfuric acid woposa 15 peresenti kumafuna chiphaso. Kutcheza mowa kunyumba popanda chilolezo ndi mlandu ku Britain ndi ku America komwe. Mwana wa mbadwa akalakwitsa zotere mwina angodzudzulidwa, koma kwa munthu wokhalira viza mlandu ungathe kugwetsa zonse zomwe anabwerera. Bukuli silinalembedwere munthu wotereyu, choncho kusankha ntchito yoyenera kuli ndi inu. Safunsa anadya phula.

Mwayi wake, zitatu izi zimatheka m'khitchini iliyonse, ndipo zonse mizu yake ili kwathu.

Yoyamba: wiritsani kabichi wofiira, kapena chidede ngati mungachipeze, musefe madziwo, muwagawe m'matambula atatu. M'loyamba thirani viniga, m'lachiwiri soda, m'lachitatu chidulo. Viniga afiiritsa madziwo, soda awadetsa n'kuwapititsa ku buluu, chidulo champhamvu chiwabiriwitsa. Mwapanga chida choyezera asidi ndi alkali, ndipo mwaona nokha kuti chidulo chimaposa soda mphamvu.

Yachiwiri: phikani phala la thobwa, muligawe pawiri. Kwina thirani chimera likadali lobwadamuka pamoto, kwina mudikire lifike poti latentha koma silikuwiranso. Pakatha ola, yerekezani kulimba ndi kutsekemera kwake. Ngati muli ndi iodine wa pabala, tapani pang'ono pa mbale ziwiri, mudonthezepo. Pomwe pali sitachi wambiri pada kwambiri. Za pambalezo mutaye, si zodya.

Yachitatu: yezani magalamu 100 a phulusa la nkhuni zoyera, osati matabwa opaka penti kapena mankhwala. Tchezani, muphwetse madziwo mu poto wachitsulo, osati wa aluminiyamu poti alkali amamudya, kenako muyeze ufa wotsalawo. Mukadonthezapo viniga uchita thovu, umenewo ndi mpweya wa carbon dioxide ukutuluka. Valani magolovesi, tetezani maso, ana akhale patali. Bwerezani ndi phulusa la makoko a nthochi, muone lomwe lapereka zambiri.

Musanayambe iliyonse, imbani foni kumudzi. Afunseni amayi kapena agogo: "Kodi chidulo chabwino mumachidziwira chiyani? Nanga chimera mumathira phala likafika pati?" Lembani mayankho awo m'kope lomwelo, pafupi ndi manambala anu. Mudzapeza kuti nthawi zambiri zikugwirizana, ndipo pomwe zasiyana ndi pomwe pali funso lofunika kulitsata. Kwa inu amene mukulera ana obadwira kunja, amene amamva Chichewa koma kuyankha m'Chingerezi, iyi ndi njira yoti mwana aone kuti agogo a pa WhatsApp aja ali ndi chonena pa homuweki yake ya sayansi.

Ndiye chigamulo changa n'chotani? Caveman Chemistry ndi buku loyenera kuliwerenga, makamaka kwa amene chemistry inawalowa ngati chilango. Njira yake yoyambira m'manja ndi yolondola, ndipo mbiri yomwe limafotokoza imapatsa mayina ouma aja nkhope za anthu. Koma muliwerenge mukudziwa kuti makwerero ake anamangidwira munthu wina, amene phulusa kwa iye ndi mbiri yakale. Kwa ife phulusa likadali ndiwo za madzulo ano, ndipo ndife amene tili ndi mwayi woliyeza, kulilemba ndi kunena zabwino ndi zoipa zake m'chinenero chathu.

Mukayesa imodzi mwa ntchito zitatuzi, tiuzeni zomwe mwapeza, ngakhale zitakanika.