Mtungamikanda wa M'mafupa

Mbalule ilire katatu pano pa Lichinga, pakuti amene tikumutamanda lero amawerenga zitatuzitatu.

Raibosomu, inu Kachepa, diso silikuonani koma thupi lonse ndi ntchito ya manja anu! Mtungamikanda, Sagona, Mmisiri wopanda tchuthi! DNA ndi mfumu, situluka m'nyumba yake pakati pa selo. Imatuma mthenga RNA, ndipo kalata ya zilembo zinayi, A, U, G ndi C, imafikira kwa inu.

Kawerengazitatu! Mukamva AUG mumadzuka n'kugwira ulusi. Mukamva UAA, UAG kapena UGA mumadula n'kupumula. Mawu anu ndi 64, mikanda yanu ya amino asidi ndi mitundu 20, ndipo anyamata anu a tRNA amabwera nayo umodziumodzi, aliyense ndi wake. Mu 1961 Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anamva liwu loyamba la chinenero chanu, UUU, dziko n'kuyamba kukumvani.

Mpanje uyankhe! Usipa wokwera phiri kuchokera ku Meponda, nyemba za m'minda ya dothi lofiira, mimba ikaziphwanya ndinu mumatola zidutswa n'kutunga zatsopano. Nsomba ya dzulo lero ndi mnofu wa mlimi, ndi mkaka wa mayi, ndi tsitsi la namwali wovina chioda ku Metangula.

Namagazi! M'mafuta a m'mafupa mumatunga himogulobini, mikanda 146 pa chingwe cha beta, kuti mwana wothamangira kusukulu m'chisanu cha June mpweya umukwanire.

Ng'oma itsike, timve bwino. Wokhulupirika, inu simusintha kalata. Pomwe panayenera GAG pakalembedwa GUG, mumatunga valine pa mkanda wachisanu ndi chimodzi wa chingwe cha beta chija. Mwana akalandira chilembo chimenecho kwa bambo ndi kwa mayi, maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa, magazi amachepa, mafupa amaphwanya usiku wonse. Imeneyo ndi sickle cell. Agogo asalozedwe chala, mayi asanyozedwe pa mtondo, palibe anamulodza. Mberekeni mwanayo, akamuyeze magazi kuchipatala, alandire chithandizo, akule.

Raibosomu, Mtungamikanda, Kawerengazitatu, Namagazi! Dzanja likuomba ng'omali munalitunga ndinu, chikopa chili pa ng'omayi munachitunga ndinu. Mbalule ilirenso katatu!