Luso la Harold lili pa ulendo wachiwiri

Ndatopa nawo anthu oyeza zisudzo zopeka pomwepo powerenga kuti owonerera aseka kangati. Akamalemba mbiri ya iO, bwalo la zisudzo la ku Chicago lija, amangondandalika mayina a amene anadutsako: Mike Myers, Chris Farley, Tina Fey, Amy Poehler. Zimandiwawa, chifukwa ntchito yeniyeni imene Charna Halpern ndi Del Close anagwira kumeneko imatsala osaitchula.

Halpern anayambitsa ImprovOlympic (imene inadzatchedwa iO) mu 1981 pamodzi ndi David Shepherd, magulu akupikisana pa timasewero tatifupitifupi. Zoterozo, monganso za pulogalamu ya pa TV ya Whose Line Is It Anyway?, umaseka n'kuiwala usanafike kunyumba. Zinthu zinasintha Close atabwera ndi Harold, kachitidwe kamene anayamba kukayesa ali m'gulu la The Committee ku San Francisco m'zaka za m'ma 1960.

Harold amatenga pafupifupi theka la ola, popanda cholembedwa chilichonse. Owonerera amaponya mawu amodzi, gulu n'kutsegula nawo. Pamabwera zochitika zitatu zosagwirizana, kenako sewero la gulu lonse, zitatu zija n'kubweranso, ndipo ulendo wachitatu zimayamba kulukana.

Ine mtima wanga uli pa ulendo wachiwiriwo. Tiyerekeze kuti mawu aja ndi "makiyi", ndipo poyamba taona bambo akukaniza mwana wake makiyi a galimoto. Wosewera waulesi adzabweretsanso bambo yemweyo akukana mokweza mawu kuposa kale, anthu n'kuseka ndithu. Katswiri adzalumpha zaka makumi atatu: bambo uja maso akufooka, makiyi ali m'thumba mwa mwana, ndipo mwanayo akukana ndi mawu omwe aja anauzidwa ali mnyamata. Palibe anapangana zimenezi! Zatheka chifukwa wina anaima kukhoma lakumbuyo mphindi khumi, pakamwa potseka, akusunga m'mutu liwu lililonse la anzake, ngakhale mmene bamboyo anapindira dzanja.

Aliyense amatama lamulo lovomereza zimene mnzako wayambitsa n'kuwonjezerapo zako. Ndi lamulo labwino, koma mwana wa sukulu angaliphunzire tsiku limodzi. Kumvetsera ndi kukumbukira ndiye kumadya zaka. N'chifukwa chake TJ Jagodowski ndi Dave Pasquesi, amene anayamba kusewera awiriwiri ku iO mu 2002, ndimawaika patsogolo pa otchuka onse aja. Iwo sapempha n'komwe mawu kwa owonerera: amayang'anana, n'kumanga sewero la pafupifupi ola lathunthu kuchokera pa zimene wina waona pankhope ya mnzake.