Luso la Osema Bwato

Ena amati bwato losema n'lachikale, lingosiyira malo maboti a injini. Amaiwala kuti chombo cha manja chinawolokapo nyanja ya Atlantic. Mu 1976 Tim Severin ananyamuka ku Ireland pa ngalawa ya zikopa 49 za ng'ombe, kuti aone ngati ulendo wowoloka nyanjayi umene amati anayenda Brendan, mmonke wa m'zaka za m'ma 500, unali wotheka. Madzi oundana ataboola chikopa, anzake anasokererapo chigamba ali panyanja pomwepo, n'kukafika ku Newfoundland mu 1977. Nzeru yomweyo ili ndi mmisiri wa kugombe la Mtakataka, amene amagoba chipika ndi kasemasema, n'kusiya pansi pochindikala kuti bwato lipirire mafunde a mwera. Zoti mitengo ikuluikulu ikutha n'zoona, n'chifukwa chake bwato likang'aluka amalimata ndi lata ndi phula m'malo mogwetsa mtengo wina.