Nsambo Zinayi pa Chigubu

Waya wa buleki ukaduka, wakabaza amangoutaya. Koma pa Namitete, pomwe njinga zimakhala mbwee m'mbali mwa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, waya wotere suchedwa pansi. Sipalephera kamnyamata kozungulirazungulira pa wokonza njinga, kamene kakauona kamafunsa mwaulemu: "Amalume, kawayaka kali ndi ntchito?" Akakapatsa, kamakakhala pamthunzi n'kuyamba kumasula. Wayayo ndi timawaya tambiri topotana, ndipo kuti kamodzi katuluke bwino pamafunika kufatsa, chifukwa kakangopindika penapake kadzadukira pomwepo tsiku lokunga. Kakatuluka, amakakulunga pamtengo n'kumakakoka uku ndi uku mpaka katawongoka. Imeneyo ndiyo nsambo yoyamba ya banjo, ndipo mwini wakeyo wayamba kale kuphunzira kuimba ngakhale sanalize kanthu.

Banjo yathuyi ili ndi m'bale wake kutali, dzina lake ukulele. Mu 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inafika ku Honolulu itanyamula anthu a pa chilumba cha Madeira okagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Hawaii. Mwa iwo munali amisiri a matabwa atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, amene pambuyo pake anayamba kupanga timagitala ta nsambo zinayi monga ta kwawo. Mfumu Kalākaua inatikonda, ndiye tinafala. Lero ana ambiri a ku Ulaya ndi ku America amayambira pa ukulele, poti nsambo zake ndi za nayiloni, sizicheka zala, komanso kiyi ya C imangofuna chala chimodzi. Mwana amalandira chida chopangapanga, kabuku ka zithunzi zoonetsa poika zala, ndi kamakina kochunira. Njirayi ndi yabwino ndithu. Koma ine ndimasilira ya mnyamata wa ku Nsaru kapena ku Kabudula, amene asanaimbe amayenera kupanga yekha choimbiracho, ndipo popangapo khutu limatseguka.

Thupi la banjo limachokera ku chigubu cha malata, chija munali mafuta. Ena amasema mtengo n'kuukuta ndi chikopa cha mbuzi, ndipo yotereyi imalira mokoma kuposa ya chigubu. Khosi lake ndi thabwa lowongoka. Apa anyamata a pa Namitete ali ndi mwayi, chifukwa dera lino ndi la akalipentala, ndipo ku Namitete Technical College amaphunzitsa ntchito yomweyi, choncho zidutswa za malaina ngakhale za mlombwa sizisowa kwa wodziwa kupempha. Thabwalo amalilowetsa m'chigubu mpaka litatulukira mbali inayo, kuti nsambo zikamakoka, mphamvu yonse izigwera pamtengo osati pamalata. Mabowo a zikhomo amaboola ndi msomali wootcha pamoto. Zikhomozo amasema za mtengo wolimba, kunsonga kowonda, kuti zizigwira zikamalowa. Chikhomo chikayamba kuterera amachilavulira malovu, chimafufuma, n'kugwiranso.

Luso lenileni lili pa mafuleti, timawaya topingasa tija timene amakhoma pakhosi. Kufakitale zimenezi amawerengera masamu. Pa ukulele yaing'ono nsambo imatalika masentimita pafupifupi 33, fuleti ya nambala 12 imakhala pakati penipeni, ndipo mipata imanka nichepa ukamatsikira kuthupi. Kamtunda ka fuleti iliyonse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 18 a nsambo yotsalayo. Mnyamata wathu za magawo 18 sanazimvepo. Iye amakunga nsambo imodzi, n'kutenga kamsomali, kukalowetsa pansi pa nsamboyo, n'kumakasuntha pang'onopang'ono uku akuliza, uku akung'ung'udza nyimbo imene akuidziwa bwino, kawirikawiri ya kutchalitchi. Mawu a nsambo akagwirizana ndi a pakhosi pake amaima, n'kulemba ndi khala. Amabwereza. Akakhutira ndiye amapinda kawaya n'kukakhomera pamzerepo. Mawa lake akamva kuti pakusemphana, amazula n'kusunthira pang'ono, mwina kamtunda kosakwana chikhadabo. Mukayang'ana khosi la banjo yakale mudzaona timabowo tosiyidwa m'mbali mwa fuleti iliyonse, ndipo ine timabowo timeneti ndimatiyang'anitsitsa kuposa penti, chifukwa pamenepo mpamene munthu anatsutsana ndi khutu lake. Ambiri sadzaza khosi lonse. Mafuleti asanu kapena asanu ndi awiri amawakwanira, poti nyimbo zawo zimathera pomwepo.

Munthu woti wadutsa m'zimenezi kuchuna sikumuvuta. Amayamba ndi nsambo imodzi, kuikunga mpaka ifike pamene mawu ake amamasuka, zinazo n'kuzitsatiza. Ikakhala ya chikopa, nthawi ya dzinja imafooka ndi chinyezi, ndiye amaiwamba pamoto monga amachitira ndi ng'oma, akuigogoda ndi chala kuti amve ngati yauma mokwanira.

Tsono kaphunziridwe kake. M'mabuku a ukulele tsamba loyamba limakhala la dzanja lamanzere, lija logwira makiyi. Kumudzi amayambira kumanja. Madzulo kugowelo, kapena masana m'chigafa fodya akamauma, wamkulu amapatsa mng'ono wake banjo n'kumuuza kuti, "Iwe, zala zakozo ungophimba nazo nsambo, usadinikize. Kanda ndimve." Mwanayo amakanda ndi kapulasitiki kodula pachigubu, nsambo zili zophimba, kumangomveka tcheke tcheke basi. "Achimwene, nanga makiyi?" "Makiyi akudikira. Dzanjalo likuuma, masula apa." Ndipo amamugwira pamfundo ya dzanja n'kumugwedeza mpaka lifewe. Masiku amatha akungochita zomwezo. Wamkuluyo akudziwa kuti kiyi yolakwika anthu amaikhululukira, koma kaimbidwe kotsimphina palibe angavine. Ndiponso mwana wokulira pakati pa chimtali, mganda ndi ng'oma za gule sayambira patali. Kugundako ali nako kale m'thupi, chatsala n'kukutsitsira kudzanja.

Makiyi akabwera amabwera atatu okha, ndipo amayenda mozungulira: yoyamba, yachiwiri, kubwerera pa yoyamba, kenako yachitatu, n'kuyambanso. Nsambo za buleki sizinyengerera. Zala zimatuluka matuza, matuza amaphulika, nsonga zimauma, ndipo akafika apo sabwereranso m'mbuyo.

Wina asaganize kuti awa ndi masewera a ana osowa ndalama ya gitala. Banjo ndi gitala zinafala m'dziko muno ndi asilikali obwerera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso anthu ochokera ku ntchito ku Joni ndi ku Halale, ndipo amene sakanatha kugula anayamba kupanga zawo. Ngakhale kaimbidwe ka ku Hawaii kanafika kuno: kugoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza botolo pansambo, kamene akuluakulu ankati hauyani. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anapeza Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald akuimba kwela mu Blantyre, ndipo anatha zaka zambiri akuphunzira kwa anyamata a ku Chileka amenewa. Alan Namoko wa ku Thyolo, wa Chimvu River Jazz Band, anali wosaona, choncho chithunzi cha poika zala sichikanamuthandiza, koma mverani mmene banjo yake imathamangira osapunthwa. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, wakalamba nayo banjo. Lazarus Chigwandali ankaimba ya chigubu m'misewu ya Lilongwe filimu yonena za moyo wake isanatuluke mu 2019.

Amene ndimati wophunzira aliyense awaonerere mofatsa ndi a Madalitso Band, nawonso ochokera m'misewu ya Lilongwe, amene anatchuka kunja ataimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Yobu Maligwa amaimba babatoni, chija cha nsambo imodzi yaitali, pomwe Yosefe Kalekeni amakanda gitala ya nsambo zinayi uku chidendene chikumenya ng'oma. Yang'anani dzanja lamanja la Yosefe. Siliima, silifulumira, ndipo lamanzere limangosuntha pang'ono pokha. Anthu awiri okha, koma bwalo lonse fumbi kobo.

Choncho amene wapeza ukulele, kaya yogula m'tauni kaya yotumiziridwa ndi m'bale wa ku Joni, angachite bwino kubwereka nzeru kugowelo. Achune nsambo zake G, C, E, A kuyambira yakumwamba, ndipo asadabwe kuti yakumwambayo imalira mokwera kuposa yotsatira, ndi mmene anaipangira. Nayiloni yatsopano imatamuka, ndiye masiku oyamba azichuna pafupipafupi, ndipo aziyamba wayesa ndi khutu asanafunse foni. Kenako aphimbe nsambo, akande ndi chala chamkombaphala pamene khosi likumana ndi thupi, chikhadabo potsika, mnofu pokwera. Dzanja likafewa agwire C: chala chimodzi pa fuleti yachitatu ya nsambo yapansi. F imafuna zala ziwiri, G7 zitatu, ndipo pali kachinsinsi kosangalatsa: pochoka pa F kupita pa G7, chamkombaphala chakumanzere sichisuntha, chimakhalabe pa fuleti yoyamba ya nsambo ya E, zinazo n'kumazungulira pa icho. C, F, C, G7, ndi mzungulo womwe uja wa makiyi atatu, wa kwela.

Pali pamodzi pomwe ukulele imaposa banjo ya chigubu, tisabise. Banjo imachunidwa potsata khosi la mwini wake, ndiye tsiku loti aimbe ndi kiyibodi ya kwaya pamayamba mkangano wa yemwe wasemphana ndi mnzake. Ukulele imalowa pa kiyibodi popanda vuto. Koma woyamba kumene asathamangire kukwaya. Apeze kaye mnzake wa babatoni kapena wa kang'oma, woti sadikira munthu akamafunafuna kiyi, akhale naye pansi aimbe nyimbo imodzi yomweyo mpaka kusintha kwa zala kuleke kumveka.