Maphatikizo kapena nthano: buku loyamba la mwana pakhomo

Kuyambira pomwe sukulu zidatsekedwa m'mwezi wa Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, makolo ena kwathu kwa Mlonyeni adazolowera kuphunzitsa okha ana kuwerenga. Si sukulu ya pakhomo ngati ya ku America, komwe mwana sapondako n'komwe m'kalasi. Kuno ndi mayi kapena achemwali, mphasa pakhonde, ndi buku lililonse lomwe lapezeka. Poti ndimaphunzira za chiyankhulo, amakonda kundifunsa kuti ayambe ndi buku liti.

Amene ali ndi foni ya intaneti amakhala atawerengapo kale malangizo akuti mwana ayambe ndi mabuku a nkhani zenizeni, osati kumangobwereza malembo. Malangizowa ndi abwino, koma adabadwira mu mkangano wa eni Chingerezi, ndipo mkanganowo si wathu. M'Chingerezi lembo limodzi limanamiza: a wa mu cat, wa mu cake ndi wa mu call samveka mofanana. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5 okha, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. Mwana akagwira ma, me, mi, mo, mu, wagwiradi. Pomuvuta kwenikweni ndi pa maphatikizo a malembo anayi kapena asanu monga nkha, mphwa ndi ntche, komanso m woima payekha wa mu mpando.

Pa mbali iyi ndilibe nawo mlandu mabuku a boma. Ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016 mothandizidwa ndi USAID, imaphunzitsa liwu la lembo, kenako phatikizo, kenako mawu. Aphunzitsi ambiri amakumbukira mndandanda wa malembo oyambirira ndi mawu akuti anikumeto. Njirayi imagwira ntchito, ndipo kholo lopanda maphunziro a uphunzitsi likhoza kuitsata. Vuto lake n'lakuti ndi a, n, i, k ungapange ana, ina, ika, kana, basi. Kalulu akudikira l ndi u, Fisi akudikira f ndi s. Masabata oyambirirawo mwana amatchula mawu bwinobwino, koma palibe chomuseketsa, chomuopsa kapena chomufunsitsa kuti ndiye kenako zidatani.

Ndiye nkhanizo tizitenga kuti? Mabuku athu otchuka, monga Nthondo la Samuel Josia Ntara la mu 1933 kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, sadalembedwere mwana wa zaka 6. Zomwe zadzaza mpatawu ndi timabuku ta zithunzi totanthauziridwa kuchokera ku Chingerezi, ngati tambiri ta pa African Storybook, tsamba lomwe bungwe la Saide la ku South Africa lidakhazikitsa. N'taulere, zithunzi zake n'zokongola, ndipo sindikutinyoza tonse. Koma musanapatse mwana, werengani mokweza tsamba limodzi, mumve ngati ndi Chichewa choti munthu angayankhule.

Chizindikiro choyamba ndi iye. Chingerezi sichiyenda popanda mlowam'malo, pomwe mneni wa Chichewa amanyamula kale mwininkhani. Womasulira waulesi amalemba chiganizo cha mtundu uwu (ndapeka ndekha, koma mudzachizindikira): Iye anali wokondwa kwambiri pamene iye anaona amayi ake. Agogo akanati: Atangowaona amayi akewo, mtima myaa! Chiganizo chachiwirichi n'chachifupi, n'chosavuta kutchula, ndipo chili ndi chomwe timabuku tomasulira timasowa kwambiri, mvekero. Zii, mbuu, psuu, phwii, gwa: awa ndi mawu a phatikizo limodzi kapena awiri, omwe mwana amawadziwa asanaone choko. Kunena zoona, sindiona njira ina yokoma yophunzitsira ps kuposa kumuuza kuti maso a Fisi adangoti psuu.

Palinso nkhani ya kamvekedwe, komwe kalembedwe kathu sikaonetsa. Mtengo womera ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi. Pa mndandanda wa mawu mwana angolota. M'nkhani, chiganizo chimamuuza chokha kuti akweze liwu pati.

Ife a m'malire tili ndi msampha wina. Chipata ali pafupi nafe kuposa Lilongwe, ndipo mabuku a Cinyanja cha ku Zambia amadutsa pa Mwami limodzi ndi katundu wina yense. Kumeneko amalemba cimanga ndi nchito, kuno chimanga ndi ntchito. Ndiye kuti ch wa ku Zambia ndi tch wathu, ndipo ch wathu ndi c wawo. Wamkulu saona vuto, koma kwa mwana yemwe akungoyamba kumene kulumikiza lembo ndi liwu, mabuku awiriwa pamphasa imodzi ndi chisokonezo. Ngati adzalembe mayeso ku Malawi, adziwerengere yekha za kalembedwe ka kuno. Za ku Zambiazo muzimuwerengera inu, khutu silidziwa malire.

Yankho langa kwa makolo limakhala lakuti asasankhe chimodzi. Buku la boma likhale la maphatikizo, mphindi zochepa patsiku. Buku la nkhani alipange okha: kope la sitolo, nthano imodzi ya agogo, yolembedwa momwe adaikambira, ndi padangokhala wake, tili tonse wake, ndi mivekero yonse. Malembo akhale aakulu, ziganizo ziwiri kapena zitatu patsamba, mwana ajambule yekha Kalulu. Poti nthanoyo akuidziwa kale pamtima, akafika pa mawu ovuta ngati nkhwangwa saima nthawi yaitali; amayamba walota, kenako n'kubwerera kuti aone ngati malembo akuvomereza.