Sewero limene ana amasiye anacita ku Warsaw

Pa 18 Julho 1942, ana amasiye a Ciyuda mumzinda wa Warsaw, ku Poland, anacita sewero pamaso pa alendo. Patapita masiku anayi okha, asilikali a Hitler anayamba kutulutsa Ayuda m'dera lampanda limene anawatsekeramo, lochedwa ghetto, n'kumawakweza sitima zopita ku Treblinka, malo ophera anthu. Kumayambiriro kwa Agosto anawo, pafupifupi 200, anatengedwa pamodzi ndi aphunzitsi awo. Kodi kunali koyenera kupatsa ana anjala, amene imfa inali itawayandikira, sewero la mwana amene akufa?

Tiyambe ndi nyumba imene anawo ankakhala ndi kuphunziramo. Inatsegulidwa mu 1912, ndipo oiyang'anira anali Janusz Korczak, dokotala wa ana komanso wolemba mabuku, ndi mayi Stefania Wilczyńska. Ana anali ndi nyuzipepala yawo ndi bwalo lawo la milandu, kumene ngakhale Korczak mwiniyo ankaimbidwa mlandu akalakwira mwana. Anali ana ozolowera kuuzidwa zoona. Amene anawaphunzitsa seweroli anali mphunzitsi wacitsikana, Estera Winogron.

Seweroli silinali la Ciyuda. Analilemba Rabindranath Tagore wa ku India m'cinenero ca Bengali, ndipo linatuluka mu 1912. Dzina lake ndi Dak Ghar, kutanthauza positi. Kamnyamata kochedwa Amal kakudwala, ndipo sing'anga walamula kuti kasatuluke panja. Tsiku lonse kamakhala pazenera n'kumaitana odutsa: wogulitsa cambiko, mlonda, nyakwawa, ndi Sudha, kamtsikana kothyola maluwa. Kutsidya kwa msewu amangako positi ya mfumu, ndipo Amal ayamba kudikira kalata yocokera kwa mfumuyo. Nyakwawa imuseka pomupatsa pepala losalembapo kanthu. Usiku dokotala wa mfumu afikadi, alamula kuti zitseko ndi mazenera zitsegulidwe, ndipo Amal agona osadzukanso.

Mphamvu ya seweroli ili pa zimene Amal amacitira odutsawo. Sapempha kuti amumvere cisoni. Amafunsa aliyense za nchito yake, za mudzi wake, za njira imene wadzera. Wogulitsa cambiko afika ali wotopa ndi malonda ake, koma acoka akunyadira, cifukwa mwana wodwala wasirira moyo umene iye ankaupeputsa. Tsono taganizirani ana a mu ghetto akugawana mbali. Onse anali otsekeredwa ngati Amal, koma Amal m'seweromo ndi mmodzi. Enawo anayenera kuphunzira kayendedwe ka munthu amene wacokera kutali ndipo akupita kumene afuna. Ena mwa iwo anali atatha pafupifupi zaka ziwiri asanatuluke mumpanda. Apa mphunzitsi anasankha bwino. Anasankhanso bwino potenga nkhani ya dziko lakutali, mopanda Myuda ndi Mjeremani. Mwana amatha kuyang'anitsitsa cinthu coopsa cikakhala ndi dzina la munthu wina.

Koma seweroli lili ndi pofooka, ndipo tisapabise. Amal afa ndi matenda. Palibe womupha. Ngakhale nyakwawa yamwano ija imafewa kumapeto. Imfa ifika mwaulemu, ndi mthenga wa mfumu patsogolo, n'kutsegula mazenera. Ku Warsaw sizinali conco. Imfa inali ndi eni ake, anthu okhala ndi maina, maofesi ndi ndandanda ya sitima, ndipo inabwera kudzatseka zitseko za mabogi. Zimasimbidwa kuti Korczak atafunsidwa cifukwa cosankhira seweroli, anayankha kuti ankafuna kuti ana aphunzire kulandira imfa modekha. Ambiri osimba nkhaniyi lero amaimira pomwepo, n'kumagoma ndi kukongola kwake. Pamenepo ndi poterera. Munthu akagoma kwambiri, amayamba kuona imfa ya ana aja ngati tulo ta Amal, n'kuiwala kuti anacita kuphedwa. Tagore sanalakwe, pakuti analemba za mwana wodwala zaka 30 izi zisanacitike. Olakwa ndi amene amafunditsa mlandu wakupha ndi sewero lake.

Nanga aphunzitsi aja tiwaweruze bwanji? Kugumula mpanda sakanatha, ndipo cakudya cokwanira analibe. Cimene cinatsala m'manja mwawo cinali kusankha pakati pa kunamiza ana kuti zonse zili bwino, ndi kuwapatsa mawu onenera zimene ankaziona kale m'misewu, mmene mitembo ya ofa ndi njala ndi matenda inkagona. Anasankha caciwiri. Cimene cikutsimikiza kuti sanali kusewera ndi mantha a ana n'cakuti sanawasiye. Korczak anapatsidwa mwayi wothawa koma anakana, ndipo iye ndi Wilczyńska anakwera sitima imodzi ndi anawo. Mphunzitsi amene akanaphunzitsa sewero lotere kenako n'kudzipulumutsa yekha tikanamuweruza mwina.

Masewero a m'sukulu zathu kawirikawiri amakhala a malangizo: kugona m'neti, kupewa edzi, kukana ukwati wa ana. Ndi ofunika, koma mathero ake mwana amawadziwa sewero lisanayambe. M'kalasi momwemo muli ana amene anaika mayi awo m'manda, ndi ena amene akusamalira wodwala kunyumba. Iwowa akufunikanso sewero limene silikuwalangiza, koma likunena zimene akudziwa. Mphunzitsi amene angafune kuyesa Dak Ghar sadzasowa zipangizo, pakuti mpando, zenera ndi ana pafupifupi khumi n'zokwanira. Akafuna kuchula za Warsaw, auze anawo nkhani yonse, kuphatikizapo amene anatumiza sitima. Ndipo sewero likatha asathamangire kunyumba, cifukwa ena mwa anawo adzafuna kuyankhula naye.