Nyumba ya ku Blantyre m'Dziko la Ndamera

Tikamayenda kwa Ndamera, mumseu wochoka ku Nsanje kunka ku Marka, maso athu amakondwa ndi nyumba zatsopano za malata onyezimira. Koma kodi nyumbazi anazimangira dziko lino? Zambiri anaonera ku Blantyre, kumene kumaomba mphepo yozizira ya m'mapiri: mazenera aang'ono, khonde lalifupi, maziko otsika. Pofika Okutobala malata amasandutsa chipinda ng'anjo, ana n'kumagona pabwalo, udzudzu ukuwadya. Shire akasefukira, monga mu 2015 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, madzi amayamba kudya khoma kunsi mpaka ligwe.

Makolo athu, amene timawayesa osadziŵa, ankamanga nsanja zazitali kuti madzi adzidutsa pansi. Ndipo nzeru yolingana ndi malo siinathe. Ku Gando, m'dziko lotentha la Burkina Faso, Francis Kéré anamanga sukulu ya njerwa zadothi mu 2001, natukula malata patali ndi siling'i kuti mpweya wotentha udzituluka. Nafenso tingathe kukweza maziko, kutalikitsa khonde ndi kuboola mazenera moyang'anizana. Izi zimadya njerwa ndi simenti, sitikana. Koma mabanja ambiri kuno amanga kale nyumba imodzi kaŵiri chiyambire 2015.